Nyumba Yosagonamo Anthu: Mmene Mungaitetezere kwa Akuba

Kabuku aka talembera mabanja amene ali ndi nyumba yokhala chitsekere miyezi yambiri pachaka. Ena anamanga kanyumba kopumulirako m'mbali mwa nyanja, ku Senga Bay, ku Nkopola, ku Cape Maclear kapena ku Chintheche, ndipo amakagonako pa Khirisimasi ndi pa Pasaka basi. Ena, omwe ndiwo ambiri, ali pantchito ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni kapena ku Mangalande, koma anamanga kumudzi nyumba ya malata yoti azifikiramo patchuthi, nadzakhazikikemo akadzapuma pantchito. Nyumba zonsezi vuto lake ndi limodzi: mwiniwake ali kutali, ndipo aliyense wodutsa pamsewu akudziwa zimenezo.

Tinene pachiyambi pomwe kuti loko, zitsulo za m'mawindo ndi mpanda sizithamangitsa wakuba. Ntchito yake ndi kumuchedwetsa ndi kumukakamiza kuchita phokoso. Ngati palibe munthu woti amve phokosolo nadzuka, wakubayo usiku wonse ndi wake, ndipo palibe loko amene angalimbane ndi mgwala kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba. Choncho pogawa ndalama za chitetezo, yambani ndi anthu, zitsulo zibwere pambuyo.

Wakuba amadziwira pati kuti mulibe anthu?

Imani pamsewu muyang'ane nyumba yanu monga angaiyang'anire mlendo. Pakhomo pamene pamagona anthu pamaoneka mizere ya tsache m'mawa uliwonse. Kuseri kumakhala phulusa latsopano, pachingwe pali zovala, kanjira kopita kuchimbudzi ndi koyera chifukwa kamapondedwa tsiku lililonse. Pakhomo posiyidwa udzu umamera mpaka pakhonde, mango amagwa n'kuolera pansi pa mtengo osatoledwa, akangaude amaluka pachitseko, ndipo loko wapageti amachita dzimbiri atakolekedwa kunja. Loko wokolekedwa kunja kwa geti amauza aliyense kuti wotseka anatuluka, sanatsale mkati. Babu loyaka pakhonde dzuwa lili paliwombo limanenanso chimodzimodzi.

Zinazo wakuba amazimva kwa anthu. Amisiri amene anamanga nyumbayo amadziwa chipinda chilichonse, khoma lofooka ndi malo amene munasunga simenti yotsala. Aganyu amene anatsitsa katundu pa lole anaona firiji ndi matiresi zikulowa. Sitikunena kuti onsewa ndi akuba, ayi. Koma nkhani imayenda, imakafika pabawo ndi pamalo omwera tiyi, ndipo kumeneko kumakhala makutu amitundumitundu. Eni nyumba nawonso amadziulula okha. Kujambula pabalaza ponse n'kuika pa Facebook, kenako n'kulemba pa WhatsApp kuti tchuthi chatha tabwerera ku Joni, ndiko kupatsa wakuba mndandanda wa katundu pamodzi ndi tsiku loyambira ntchito. Zithunzi zoterezi tumizirani abale okhawo amene mukuwafuna.

Nyumba ikatha kumangidwa kapena kukonzedwa, sinthani maloko onse akunja. Kiyi amene wakhala m'thumba la kapitawo miyezi isanu ndi umodzi simungadziwe kuti anasulitsidwa kangati.

Chotsani nyambo

Katundu amene mbava zimafuna m'nyumba zoterezi ndi wodziwika: mapanelo a sola, mabatire ndi inverter, TV, matiresi, zofunda, silinda ya gasi, jenereta, pampu ya madzi, njinga, ndipo kunyanja injini ya boti. Zikapeza m'nyumba mulibe zimenezi, zimatembenukira ku nyumba yeniyeniyo: mipopi, mawaya a magetsi, masiwichi, sinki, zitseko zam'kati, ngakhale malata.

Chinthu chodula chimene chingalowe m'galimoto chipite nanu. TV yoonera masabata awiri pachaka ilibe chifukwa chogonera yokha kumudzi miyezi khumi ndi umodzi. Batire losiyidwa nthawi yaitali osatchajidwa limafa lokha ngakhale wakuba asabwere. Zimene sizinganyamulidwe zisonkhanitseni m'chipinda chimodzi cham'kati, chopanda zenera lalikulu, chokhala ndi chitseko chachitsulo. Ndi chapafupi kulimbitsa kwambiri chipinda chimodzi kusiyana ndi kulimbitsa pang'onopang'ono nyumba yonse. Ndalama, ziphaso ndi mapepala a malo zisagone m'nyumbamo ngakhale usiku umodzi inu kulibe.

Katundu wotsalayo mulembeni m'kope. Chipangizo chilichonse chamagetsi chili ndi nambala yakeyake kumbuyo kapena pansi. Ijambuleni pafoni, musunge pamodzi ndi malisiti. Pa mapanelo, mabatire, pampu ndi mipando lembani dzina lanu ndi penti yosafufutika, pena poonekera, pena pobisika. Wogula katundu wakuba amazengereza akaona dzina la munthu, pakuti kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pamalamulo a dziko lino. Komanso apolisi akagwira katundu, amabweza kwa munthu amene ali ndi umboni. Kungoloza kuti "iyo ndi yanga" sikukwanira.

Makwerero, khasu, pikisi, nkhwangwa ndi zidutswa za zitsulo zotsala pomanga muzitsekere m'nyumba. Akuba ambiri sayenda ndi zida zolemera, amathyolera zimene azipeza pakhomo pomwepo.

Chitseko, zenera ndi denga

Anthu ambiri amagula loko wodula n'kumukoleka pa chinthu chosalimba. Pitani pachitseko chanu chakumbuyo muone bwinobwino. Kachitsulo kokolekapo loko kaja kamangidwa ndi chiyani? Ngati ndi timisomali topota tinayi, mitu yake ili kunja, munthu wa screwdriver amasula tonse mwakachetechete, loko wanu n'kutsala ali chikhomere, chitseko chili pululu. Pamafunika mabawuti obowoleza thabwa lonse, omangira mkati, mitu yake yosalala kunja. Onaninso mahinjesi. Ngati ali kunja, msomali wake wapakati umatha kugogodedwa n'kutuluka, chitseko n'kuchotsedwa chathunthu. Wowotcherera angathe kuutseka mutu msomaliwo pa mphindi zochepa. Kenako gwirani felemu muigwedeze. Felemu yogwedera, yomwe simenti yake yayamba kugumuka m'mbali, imazuka ndi mgwala kamodzi kokha.

Zitseko zopepuka zija za mphako mkati ndi za kuchipinda, si zakunja. Kunja kumafuna chitseko cha thabwa lolimba kapena chachitsulo, ndipo kutsogolo kwake kukhale chitseko china cha zitsulo chokhala ndi kabokosi kobisa loko, kuti sowo kapena chodulira zitsulo chisapeze pogwira. Zitseko zonse, kupatula chimodzi chotulukira, zitsekedwe cham'kati ndi mpiringidzo. Mpiringidzo wachitsulo wopingasa chitseko, wolowa m'khoma mbali zonse ziwiri, ndi wotsika mtengo koma umaposa maloko ambiri a m'sitolo, chifukwa wakunja sauona ndipo alibe poufikira.

Zitsulo za m'mawindo zikhale zonenepa, zosachepera mamilimita 12, zowotcherera ku felemu kapena zolowa m'khoma, osati zomangira ndi timisomali. Mipata yake ikhale yoti mutu wa mwana sungalowe, popeza akuba ena amalowetsa mwana kuti akatsekule chitseko. Pakhalenso zitsulo zopingasa, chifukwa zoimirira zokhazokha zimakanulidwa ndi jeke wa galimoto. Musaiwale kazenera ka kubafa ndi ka kusitolo, kumene eni nyumba amati n'kakang'ono. Koma pochita zonsezi kumbukirani moto. M'chipinda chogona chimodzi kapena ziwiri, zitsulozo zikhale zotsekuka ndi loko wam'kati, ndipo masiku amene mukugonamo kiyi wake akhale pamalo amene aliyense m'banjamo akuwadziwa.

Denga ndiye khomo limene ambiri saliganizira. Lata lokhomedwa ndi misomali wamba limakanuka mosavuta, munthu n'kutsikira m'siling'i. Onetsetsani kuti mpata wa pakati pa khoma ndi malata unatsekedwa ndi njerwa, ntchito imene amisiri amaitcha beam filling, ndipo pamwamba pa chipinda chosungiramo katundu chija payalidwe waya wolimba wowotcherera. Nthambi za mitengo zofika padenga zidulidwe. Ngati nyumba inamangidwa ndi matope m'malo mwa simenti, ipakeni pulasitala kunja komwe, chifukwa khoma lotero akuba amalinyowetsa ndi madzi n'kusolola njerwa imodziimodzi popanda phokoso.

Za mpanda tinene mwachidule. Mpanda wautali wa njerwa umabisa katundu wanu, komanso umabisa wakuba akangolumpha. Pa nyumba yosagonamo anthu, mpanda woti oyandikana nawo angathe kuona zochitika pabwalo nthawi zambiri umathandiza kuposa linga lotsekeratu.

Chimodzi chokha musachite: kulumikiza magetsi a ESCOM ku zitsulo za m'mawindo, ku geti kapena ku waya wa mpanda. Amene amafa ndi misampha yotere kawirikawiri ndi mwana wotola mpira kapena mlonda wanu yemwe, ndipo mlandu wake ndi wa imfa ya munthu.

Munthu wapakhomo

Apa ndiye pagona nkhani. Pali njira zitatu: kuikapo wachibale, kulemba mlonda, kapena kubwereketsa mbali ya malowo kwa munthu wolipira lendi.

Wachibale ndiye amene ambiri amayamba kuganizira, ndipo nthawi zina zimayenda bwino. Koma vuto lake akuluakulu analinena kale, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mphwanu akagulitsa matiresi, kapena mlamu wanu akayamba kugonekamo alendo olipira inu osadziwa, mudzapita naye kupolisi? Mudzangomeza mate, nkhani n'kuthera pa "zinachitika basi". Ngati mwasankha wachibale, mutengeni ngati wantchito: alandire kanthu pamwezi, adziwe zipinda zimene ndi zake ndi zimene sayenera kutsekula, ndipo mukambirane pamaso pa akuluakulu a banja kuti mukadzafuna nyumba yanu adzatuluka. Milandu ina ya nyumba za anthu okhala kunja si ya mbava zothyola usiku, koma ya m'bale amene analowa ngati wosunga n'kukhazikika ngati mwini.

Mlonda wolembedwa ntchito akhale munthu wodziwika m'deralo, wokhala ndi banja ndi munda pafupi, amene amfumu angamuchitire umboni. Jambulani chiphaso chake cha unzika, mudziwe kwawo ndi abale ake awiri. Mgwirizano ulembedwe papepala m'Chichewa chomveka: ntchito yake, malipiro, tsiku lolandira, tsiku lopuma, ndi mndandanda wa katundu amene mwamusiyira. Asayine iye, musayine inu, ndi mboni. Malipiro asatsike pa mlingo umene boma linakhazikitsa. Mlingowu umasintha, choncho funsani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.

Ndipo mulipireni pa tsiku lake. Ganizirani bambo amene wakhala miyezi itatu osalandira, mu February, ufa utatha kunyumba, mwana atabwezedwa kusukulu, m'manja mwake muli makiyi a nyumba yodzaza katundu wa munthu amene foni yake sakuyankha. Mwamuika pa mayesero aakulu, ndipo mbali ina ya mlanduwo ndi yanu. Masiku ano palibe chowiringula. Airtel Money ndi TNM Mpamba zimafika kumudzi, ndipo amene ali ku Joni amatha kutumiza kudzera ku Mukuru. Ndalama zipite pafoni ya mlondayo mwachindunji. Zodutsira mwa achibale zimafika zitaphwa, kapena osafika n'komwe, mlonda n'kumaganiza kuti abwana ndiwo akumumana.

Munthu mmodzi sangalondere usana ndi usiku sabata yonse. Adzagona, kapena adzapita kumaliro, kumsika, kuchipatala, monga munthu aliyense. Pakhale wina wodziwika womulowa m'malo, osati aliyense amene iye wamutola tsiku limenelo. Mupatseni tochi yowala bwino, wenzulo, foni ya mayunitsi, chikhoti cha mvula, majombo, neti ya udzudzu ndi kanyumba kosadontha kokhala ndi chimbudzi chake. Njira yabwino koposa ndi kumulola kukhala pamalopo ndi banja lake, alime kadimba, awete nkhuku. Utsi wa kukhitchini, ana osewera pabwalo ndi mayi wosinja pamtondo zimateteza nyumba kuposa mwamuna mmodzi wokhala pampando ndi chibonga. Makiyi a nyumba yaikulu sayenera kukhala onse kwa iye. Kiyi wotsekulira kuti mupite mphepo angakhale kwa munthu wachiwiri wodalirika, kuti potsekula azikhala awiri. Wa chipinda cha katundu akhale ndi inu.

Mumuuzenso momveka kuti akabwera anthu ambiri ndi zikwanje, ntchito yake ndi kuthawa, kukuwa ndi kuimba foni. Palibe firiji yofanana mtengo ndi moyo wa munthu.

Njira yachitatu ndiyo imene ife timaikonda, pamene ingatheke. Aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, anamwino ndi apolisi otumizidwa kumadera akumidzi amavutika kupeza nyumba yabwino. Kuwabwereketsa boyizikota kapena zipinda ziwiri pa lendi yotsika kumakupatsani munthu wogona pamalopo usiku uliwonse, wodziwika kuntchito kwake, amene sangasowe dzuwa limodzi ndi katundu wanu. Nayenso mulemberane.

Galu amathandiza ngati pali womudyetsa tsiku lililonse ndi kumubayitsa katemera wa chiwewe chaka ndi chaka. Galu wanjala amapita kukafuna chakudya kwa eni ake atsopano, kapena amadya nyama yothira tameki imene akuba amuponyera.

Amfumu, oyandikana nawo ndi apolisi

Pali eni nyumba ena amene amafika ndi galimoto, geti n'kutsekedwa, masabata awiri nyimbo zili pamwamba, kenako n'kunyamuka osapatsa moni ngakhale khomo loyandikana nalo. Nyumba yotero ikamathyoledwa, anthu amamva phokoso n'kutembenuka pamphasa. Sikuti ndi oipa mtima. Palibe amene angatuluke mumdima kukakumana ndi zikwanje chifukwa cha munthu amene sadziwa dzina lake.

Mukafika, kaonekereni kwa amfumu, ndipo ponyamuka katsanzikeni. Auzeni amene mwamusiya pakhomo ndi amene ali ndi chilolezo chotulutsa katundu. Chinyengo chofala ndi cha anthu obwera masana ndi galimoto, n'kunena kuti abwana atituma tidzatenge mipando ikakonzedwe. Lamulo likhale lakuti palibe chotuluka pageti inu musanalankhule pafoni ndi mlonda komanso munthu wachiwiri uja. M'mudzi mukagwa maliro tumizani chipepeso ngakhale muli kutali. Pakakhala chopereka cha mjigo, cha mlatho kapena cha achitetezo a m'mudzi oyendera usiku, dzina lanu lisasowe m'kaundula. Woyandikana naye mulole atchole mango, amangirire mbuzi kumbali, atunge madzi ngati muli ndi chitsime. Phazi lake likamaponda pakhomo panu tsiku ndi tsiku, diso lake limaonanso zachilendo.

Pitani ku polisi yapafupi mukadzidziwitse, mutenge nambala ya foni ya ofesiyo ndi ya wapampando wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Nambala ya 997 ndi ya apolisi pa zadzidzidzi, koma kumudzi amene angafike msanga ndi anthu a m'mudzimo ndi apolisi a pa ofesi yapafupi. Manambalawa akhale m'foni ya mlonda, komanso alembedwe pakhoma la kanyumba kake.

Ena amakhulupirira kutsirika nyumba. Sititsutsana nawo m'kabuku kano, koma mpiringidzo aikebe.

Magetsi, makamera ndi mita

Magetsi akunja akhale oyaka okha kukada n'kuzima kukacha. Mababu a sola otero akupezeka m'misika yambiri, ndipo ena amayaka pokhapokha munthu akadutsa. Aikeni pamwamba posafikira dzanja, makamaka kuseri kwa nyumba. Mapanelo a padenga amangidwe m'felemu yowotcherera, mabatire akhale mkati.

Makamera oyendera sola ndi simukhadi amatumiza zithunzi pafoni yanu kulikonse kumene muli. Ndi abwino, koma adziweni malire ake. Amafuna netiweki yokwanira ndi bandulo yosatha, ndipo kamera yoikidwa pafupi imabedwa pamodzi ndi zinazo. Kuonera pafoni muli ku Cape Town anthu akunyamula katundu wanu sikupulumutsa kanthu ngati mulibe woti mumuimbire n'kuthamangirako. Amene ali m'tauni kapena pafupi ndi malo ogona alendo angalembetse ku kampani ya alonda yokhala ndi galimoto yothamangira alamu ikalira. Musanalipire, funsani kuti galimotoyo imagona kuti usiku, ndipo imatenga nthawi yotani kufika kwanu nyengo ya mvula.

Mita ya magetsi yogulira mayunitsi ndi mboni yosanama. Uzani wapakhomo kuti azikutumizirani chithunzi cha mita kumapeto kwa mwezi uliwonse. Mayunitsi akamatha msanga kuposa mmene mababu angapo angathere, ndiye kuti m'nyumbamo mukuphikidwa, mukugona anthu, kapena wina wakokerako waya. Akakhala osasuntha pamene magetsi akunja si a sola, ndiye kuti sakuyatsidwa. Madzi atsekeni pa mita kapena pa thanki, kusiya mpopi umodzi wa wapakhomo, ndipo mitayo itchingidwe ndi kabokosi kachitsulo koti owerenga mita athe kuona manambala.

Kamodzi pamwezi, pa tsiku losapangana, imbani foni ya kanema. Wapakhomo ayende nanu kuzungulira nyumba, akuonetseni zitseko, mawindo, denga ndi thanki. Zithunzi zongotumiziridwa zingakhale za chaka chatha.

Za kunyanja ndi za moto

Nyumba ya m'mbali mwa nyanja ili ndi mbali imodzi yosatsekeka. Kugombe kumadutsa anthu usana wonse, usiku asodzi a usipa ali pamadzi ndi nyali zawo, ndipo katundu wokwezedwa m'bwato sasiya mapazi. Mawindo aakulu oyang'ana kunyanja aja ndiwo ofunika zitsulo kapena zotsekera zamatabwa zomangira mkati. Injini ya boti isagone paboti. Dziwanani ndi a komiti ya pagombe ndi asodzi amene amakocheza pafupi, chifukwa iwo ndiwo amakhala maso pa maola amene mudzi wonse uli mtulo. Chinyezi ndi mchenga wouluzika ndi mwera zimaumitsa maloko, choncho azithiridwa mafuta. Loko wouma amakakamiza mlonda kusiya chitseko chongokankhira.

M'chaka cha 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma monga Mangochi ndi Salima. Mpanda ukagwa ndi madzi kapena lata likasasuka ndi mphepo, nyumba imakhala yotsekuka kwa aliyense. Siyani kandalama ka zokonzakonza mwadzidzidzi kwa munthu wodalirika, kuti pogumuka patsekedwe sabata yomweyo.

Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, moto wa osaka mbewa ndi otentha tchire umawononga nyumba zambiri zosiyidwa, makamaka zofolera ndi udzu. Udzu wozungulira nyumba ulambulidwe mamita angapo tchire lisanaume. Chiswe nacho chimadya felemu ya chitseko mpaka kutsala khungwa lokha, loti mwana angathyole ndi phazi.

Wakuba wa cholembera

Pali mbava zina zosanyamula mgwala. Madobadoba amaona nyumba yokhala nthawi yaitali yopanda mwini, n'kupeza wogula, n'kulemba mapepala abodza. Mwini pobwera amapeza anthu achilendo akupenta nyumba yake. Mapepala enieni a malo asungidwe kumene mukukhala kapena kubanki, wina aliyense aziona mafotokope okha. Ngati malowo ndi a lizi, lipirani msonkho wake pa nthawi ndipo musunge malisiti. Ngati ndi a kwa amfumu, funsani ku ofesi ya zamalo ya m'boma lanu za kalembetsedwe kake pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, ndipo malire adziwike pamaso pa amfumu ndi oyandikana nawo. Kulemba pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu kuti malo ano sakugulitsidwa kumaoneka kosakongola, koma kwabweza ogula ambiri.

Amene mukufuna inshuwalansi, uzani kampaniyo poyera kuti nyumbayo imakhala yopanda anthu. Mapangano ambiri ali ndi malire a masiku amene nyumba ingakhale yosagonamo munthu, ndipo mukabisa zimenezi adzakana kulipira. Funsani kuti malirewo ndi masiku angati, ndiponso ngati mlonda wogona kuboyizikota akuwerengedwa.

Tsiku lonyamuka

Patulani theka la tsiku, musatseke nyumba galimoto italiza kale injini. Zimitsani ndi kuzula zamagetsi zonse, tsekani gasi, tulutsani zakudya zoitana makoswe. Makatani atsekedwe m'zipinda zimene muli katundu. Makatoni a zinthu zatsopano awotchedwe, asaunjikidwe kudzala kumene aliyense angawerenge zimene mwagula. Yendani ndi wapakhomo ndi mboni chipinda ndi chipinda, mukuwerenga katundu ndi kope lija, kenako aliyense asunge pepala lake. Werengani makiyi. Pansi pa mwala, pamwamba pa felemu ndi mumphika wa maluwa ndi malo oyamba amene wakuba amasuzumira. Tsiku lobwerera lidziwike kwa anthu awiri kapena atatu okha.

Zikachitika

Wapakhomo akapeza nyumba yathyoledwa, asalowe yekha ndipo asagwiregwire zinthu. Aitane amfumu kapena a komiti ya chitetezo, ajambule pamene pathyoledwa, nkhani ikafike kupolisi tsiku lomwelo. Inu tumizani mndandanda wa katundu ndi manambala aja, ndipo mutenge lipoti la apolisi, lomwe a inshuwalansi adzalifuna. Musathamangire kuloza mlonda chala musanamve zonse, ndipo musalole kuti woganiziridwa amenyedwe kapena kuwotchedwa m'dzina lanu. Kulanga nokha ndi mlandu, ndipo kangapo konse wophedwayo amapezeka kuti sanali iye. Mukaona katundu wanu pamsika, musalimbane ndi wogulitsa, kaitaneni apolisi.

Pamene pathyoledwapo pakonzedwe dzuwa lisanalowe, ndipo maloko onse asinthidwe ngakhale amene sanakhudzidwe. Akuba amabwereranso kunyumba imene anaiba kale, chifukwa njira akuidziwa ndipo amayembekeza kuti mwagula zatsopano. Musabwezeretse katundu wodula m'nyumbamo mpaka mutadziwa kuti analowera pati, ndiponso chifukwa chake panalibe amene anamva.